Galimoto imagona panja, galaja ndilibe: nditani namondwe akabwera?

Mphunzitsi_Salima:

Moni nonse abale. Ndithandizeniko maganizo chonde, makamaka inu amene muli ndi galimoto kuno kunyanja. Ine ndimakhala pa lendi kufupi ndi Kamuzu Road, nyumba yake ilibe galaja ndipo alandilodi anakana kuti ndimange kashedi, akuti sakufuna maenje pabwalo pawo. Kagalimoto kanga ndi ka Passo, ndinagula pangongole ndipo akundidulabe pa salale mwezi ndi mwezi, nde kakangoonongeka ine ndizibweza ngongole ya chinthu choti sichikuyenda, ana kusukulu tizipitanso pa kabaza ngati kale.

Pabwalopo zinthu zili chonchi. Chakumanja kuli mtengo wa mango waukulu ndithu, ndi pomwe ndimaimika masiku onse chifukwa dzuwa la ku Salima mukulidziwa, ukaisiya pamtetete masana sitelingi sungaigwire. Kuseri kwa mpanda kuli mabulugamu a aneba, aatali kwambiri. Mpandawo ndi wa njerwa zootcha koma anamangira dothi, simenti anangopaka kunja kokha, ndipo pakona pena payamba kale kung'aluka. Mvula ikagwa yambiri madzi amaima pabwalo mpaka mu akakolo, amatha tsiku lonse asanaphwe chifukwa dothi lake ndi lamakande.

Namondwe wa Chido atadutsa mu Disembala 2024 ndinaona ndi maso anga lata likuchoka pa nyumba ina, linazungulira m'mwamba nkukagwera pamsewu ndi misomali yake yomwe. Nthawi imeneyo galimoto ndinalibe koma chithunzi chija sichichoka m'mutu mwanga, ndipo pano dzinja layandikira ndikusowa mtendere.

Nde mafunso anga ndi awa. Ndigule tenti yaikulu ndizifunditsa? Kukakhala chimphepo, kuli bwino pansi pa mango paja kapena pamtetete? Nanga pa Facebook ndinaona anthu a ku Florida akulowetsa galimoto yonse m'chipepala cha pulasitiki nkumanga pamwamba, kodi zimenezi zingatheke kuno? Ena andiuzanso kuti ndimate tepi pa magalasi. Ndikufuna kumva kwa amene munazionapo.

WaSienta_M5:

Aphunzitsi, ine ndimayenda Salima–Nkhotakota tsiku ndi tsiku, dzinja ndi chilimwe chomwe, nde ndikuuzani mmene ndimaonera. Nkhani ya tenti iyikeni kaye pambali. Funso lalikulu ndi loti galimotoyo igona PATI usiku umenewo, ndipo momwe mwafotokozera pabwalo panupo, sipogoneka galimoto a zanyengo akachenjeza. Pali mtengo, pali mabulugamu, pali mpanda womangira dothi, palinso madzi. Zonse zinayi zili pamalo amodzi.

Mangowo masiku wamba ndi abwino, mthunzi tonse timaufuna. Koma mvula ikagwa masiku awiri atatu motsatizana dothi limafewa, mizu imasiya kugwira, mphepo ikangobwera mtengo umazuka wonse kapena nthambi yaikulu imakadzuka. Bulugamu ndi malaina nde ndi oopsa kuposa mango, nthambi zake zimathyoka mosachenjeza ndipo poti ndi aatali amagwera patali, nde muyeze ndi maso, ngati bulugamuyo atagwa nsonga yake ingafike pomwe pali galimoto ndekuti mwayandikira. Mpanda wa dothi nawo ukamwa madzi umangogwa wonse nthawi imodzi, ndaonapo khomo la galimoto litapindikira mkati chifukwa cha mpanda woterowo, mwini wake ankati akuibisa ku mphepo.

Chomwe mungachite panopa mvula isanalimbe, mvula yoyamba yaikulu ikagwa mutuluke muyende wapansi m'dera lanulo muone pomwe madzi amaima ndi pomwe amadutsa osaima. Salima tauni ndi yafulati koma malo okwerako pang'ono alipo, kutchalitchi, kumzikiti, kusukulu, ma ofesi ena amene anathira gelevulo. Inu poti ndinu aphunzitsi mwina kusukulu kwanu komweko kuli malo. Mukapeze nyumba ya simenti yolimba, denga lake lokhomedwa bwino osati lija lotsamiritsa miyala ndi matayala pamwamba, muimike pafupi ndi khoma lake mphuno italoza kukhoma kuti galasi lakutsogolo libisike. Muyang'anenso m'mwamba, pasakhale mawaya a magetsi, pasakhale chikwangwani chachikulu, pasakhale thanki ya madzi pa sitandi. Mupemphe malowo lero lomwe, mugwirizane ndi alonda kangachepe, osadikira tsiku lomwelo chifukwa aliyense adzathamangira komweko.

Ndipo musunthe msanga. A zanyengo amalengeza masiku angapo namondwe asanafike, pa Facebook amalemba, pa MBC ndi Zodiak amanena, kuno Chisomo Radio ndi Nkhotakota Community Radio nawo amabwereza. Mukangomva kuti alowa mawa, galimoto ipite lero masana kukuwala, osati usiku mphepo itayamba kale mitengo ikugwa pamsewu.

Chomaliza ndipo ichi ndikukupemphani, madzi akadutsa pamwamba pa msewu kapena pa mlatho osalowamo. M5 yathuyi timaidziwa, pansi pamakokoloka phula lili chiyandamire pamwamba, maso saona. Madzi othamanga ongofika masentimita 30 amatha kunyamula galimoto yaing'ono ngati Passo yanuyo. Ife a Sienta timakakamizidwa ndi mapasenja kuti tiyeni adalaivala tidutsa, ine ndimazimitsa injini nkudikira, wofuna atsike ndimamubwezera ndalama yake.

Makaniko_Dwangwa:

Achimwene a Sienta anena zoona zokhazokha. Ine ndionjezere za madzi chifukwa ndi zomwe ndinagwira ndi manja anga. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa utasefukira kuno, anthu masauzande anathawa m'nyumba zawo, msewu wa M5 unaduka, ndipo chija sichinali namondwe ayi, inali mvula chabe yamphamvu. Nde mayi musamangodikira dzina la namondwe, mvula wamba yokhayo imakwanitsa. Madzi ataphwa galimoto zinayamba kubwera pa galaja pathu pokokedwa ndi chingwe, ndipo zomwe zinafa injini zambiri sizinaphedwe ndi kumira kuja, zinaphedwa ndi kiyi. Munthu waona madzi atsika, mtima uli m'mwamba, akuti ndingoyesa ndione ngati ilira. Pomwepo ndi pomwe imathera.

Zimachitika chonchi. Injini imakoka mpweya kudzera pa eya kilina. Madzi akalowa mmenemo amakafika pamwamba pa mapisitoni, ndipo madzi safinyika ngati mpweya, nde pisitoni ikamakwera imakagunda madziwo, konirodi, chitsulo chija chogwira pisitoni, imapindika kapena kuthyoka, pena imaboola buloko. Apa ndekuti mukugula injini ina, ndipo mitengo ya ma injini panopa mukuidziwa. Pomwe galimoto yomweyo ikanabwera osalizidwa, ife timangochotsa mapulagi, kutulutsa madzi m'masilinda, kusintha oyilo ndi fyuluta, kuumitsa mawaya, nthawi zambiri imadzuka.

Nde ngati madzi akupezani ngakhale munayesetsa, muone mzere wa matope pa bodi, umakuuzani pomwe anafika. Akalekeza theka la tayala kawirikawiri palibe vuto lalikulu, mungoonetsa mabuleki ndi mabering'i. Akafika pansi pa zitseko nkulowa mkati, osaliza. Tsegulani boneti, tsegulani bokosi la eya kilina, pepala lija likakhala lonyowa kapena muli matope ndekuti madzi alowa. Solorani dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka ndekuti wasakanikirana ndi madzi, chimodzimodzi wa giyabokosi. Ikokedwe basi mpaka kwa makaniko.

Mkatimo namo anthu amanyozera. Pansi pa kapeti pali chisiponji chokhuthala chimene chimasunga madzi masabata, pamwamba mukagwira pouma koma pansi pali dziwe, ndipo mmenemo ndi momwe mumadutsa mawaya ndi mapulagi ake, kakompyuta ka airbag nako m'galimoto zambiri kamakhala pansi cha pakati pafupi ndi giya. Mukangosiya, pakapita miyezi mumayamba kuona magetsi a pa dashibodi akuyaka okha, mawindo akukana kutsika, fungo la nkhungu losatha. Mipando ichotsedwe, kapeti atuluke ayanikidwe padzuwa, pansi pakepo papukutidwe mpaka pa chitsulo.

Amene muli ndi ma hybrid, Aqua ndi anzake, inu nde samalani kawiri. Batire lalikulu la Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, pansi penipeni, madzi akangolowa mkati afika kale pamenepo. Mawaya a olenji aja osawagwira, muli magetsi opha munthu, itanani wodziwa za hybrid.

Zoti muchite chimvula chisanafike ndi zazing'ono koma zimathandiza. Pansi pa galasi lakutsogolo pomwe pali mawayipa pamadzaza masamba, inu nde oimika pansi pa mango ndikudziwa padzadza, chotsani ndithu chifukwa timabowo totulutsa madzi tikatsekeka madziwo amalowera mkati kumapazi a pasenja ngakhale kunja kusanasefukire. Pansi pa zitseko palinso timabowo, tokosani ndi kawaya. Malabala a zitseko ndi a ku buti muwaone ngati sanang'ambike. Mukakaimika kumalo kuja, kwezani mawindo onse kaye, kenako muchotse waya wa negetivu pa batire, sipanala ya 10 imakwana, ndipo musanatero muyese ngati kakiyi kachitsulo kali mu rimoti kamatsegula chitseko chifukwa batire likachoka rimoti sigwira. Muisiye pa P, handibuleki mukoke, muikenso njerwa kumatayala.

Za chipepala cha ku Florida chija, chimagwira pokhapokha madzi ali odekha ndipo pepalalo lilibe kabowo ngakhale kamodzi. Kuno pansi pali miyala, zitsotso, minga, ndipo madzi athu amabwera ndi zinyalala ndi mitengo. Komanso galimoto yomangidwa m'pepala madzi akakwera imayandama nkupita. Ndalama imeneyo kuli bwino mupatse alonda.

Mayi_a_ku_SengaBay:

Ine ndisiyane nanu pang'ono abambo inu pa nkhani yofunditsa, musaitaye yonse. Kuno ku Senga Bay mvula ya matalala ndi tizidutswa touluka ndi mphepo timaswa magalasi, ndipo galasi lakutsogolo silotchipa, kulipeza kwake mpaka ku Lilongwe. Ine ndimayala mabulangeti akale pa galasi lakutsogolo ndi lakumbuyo, pamwamba pake mkeka, m'mbali mwa bulangetimo ndimapanitsa ndi zitseko kuti mphepo isatenge. Makatoni amagwira poyamba koma akanyowa amangosungunuka.

Tenti nde ndikugwirizana nanu kuti ndi yovuta. Ikakhala yomasuka imakupiza usiku onse, ndipo kuno kuli mchenga, umalowa pansi pa tentiyo nkumakhula penti, m'mawa mupeza bodi yonse yachita mizeremizere, zingwe za m'maso mwa tenti muja nazo zimamenya magalasi. Mukafuna kuigwiritsa ntchito galimoto itsukidwe kaye, pansi pakhale bulangeti, ndipo zingwe zidutse pansi pa galimoto mbali ndi mbali, mumange ndi malegeni kuti ikhale yothina. Osatsamiritsa njerwa pamwamba chonde, mphepo ikakweza tenti njerwayo imagwera pa galasi lomwelo. Tepi pa magalasi ndi bodza achemwali, saletsa kusweka, mungovutika kuchotsa ulimbo wake.

China, zinthu za pabwalo zimene timaziona ngati zabwinobwino, mabeseni, mipando ya pulasitiki, malata otsala omwe anaimika kukhoma, mbaula, wilibala, zonsezo mphepo ikakula ndi zomwe zimaswa. Lowetsani m'nyumba, muwauzenso aneba. Ndipo osabweretsa galimoto kunyanja kuno poganiza kuti malo ogona alendo ali ndi mipanda yabwino, nyanja inakwera kwambiri mu 2024 mpaka madzi analowa m'mabwalo a anthu ambiri m'mbali mwa gombe, kukakhala mafunde kuno nkoipa kuposa kutauni.

Ankolo_a_Linga:

Mwana wanga, ine ndinagwirapo ntchito za inshulansi ndisanapume, nde ndifunse, pepala lomwe munamata pa galasilo ndi la mtundu wanji? Ambiri tili ndi third party chifukwa ndi yomwe lamulo limakakamiza ndipo ndi yotchipa, koma imeneyo imalipira anthu ena amene inu mwawaonongera kapena kuwavulaza, galimoto yanu ayi. Mtengo ukaigwera, madzi akaimiza, third party sikupatsani ngakhale tambala. Yomwe ingakuthandizeni ndi comprehensive, komabe nayo musangokhulupirira dzina, pitani kapena imbani mufunse mwachindunji kuti kodi kusefukira kwa madzi, mphepo yamkuntho ndi kugweredwa mtengo zilimo? Akuonetseni pomwe palembedwa. Mufunsenso ndalama yomwe mumayamba mwalipira nokha iwo asanaonjezere, ija amati excess, ndi masiku omwe amapereka kuti mukhale mutawadziwitsa ngozi ikachitika. Poti galimotoyo ndi yangongole, onaninso mapepala a ngongoleyo, obwereketsa ena amafuna comprehensive ndipo mwina mukulipira kale osadziwa.

Musadikire chenjezo kuti mukasinthe, amafuna aione kaye galimotoyo ndi kuijambula. Inunso jambulani nokha pa foni mbali zonse zinayi, mkati, ndi pa dashibodi pooneka makilomita, tsiku lomwe mukukaimika. Zikachitika zoipa mujambulenso musanasunthe chilichonse, mtengo uli pomwepo, mzere wa matope ukuoneka. Zomwe anena a makaniko zoti osaliza zikukhudzanso kuno, makampani ena amakana kulipira injini akaona kuti inafa chifukwa mwini wake anailiza ili ndi madzi. Akakukanirani popanda chifukwa chomveka, madandaulo a za inshulansi amapita ku Reserve Bank, ndi omwe amayang'anira makampaniwa.

Bulubuku, laisensi ndi mapepala a inshulansi asagone m'galimoto usiku umenewo. Akhale m'jumbo lomanga bwino, pamwamba m'nyumba pamodzi ndi ziphaso za ana.

Ndiponso mwana wanga, tinaona ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba, galimoto ndi anthu omwe, dziko lonse tinataya abale opitirira 1,000. Mphepo ikayamba inu ndi ana mukhale pamalo otetezeka, osatuluka usiku kukaona galimoto. Waya wa magetsi ukagwera pa iyo kapena m'madzi apafupi, osayandikira mpaka eni magetsi atabwera.

Mphunzitsi_Salima:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Ankolo, ndayang'ana, ndi third party, Lolemba ndiimba ndifunse mtengo wa inayo ndione ngati ndingakwanitse. Ndalankhula ndi ahedi, andilola kuti chenjezo likabwera ndizikaimika kuseri kwa buloko yatsopano ya simenti, kumeneko nkokwera ndipo kulibe mitengo, mlonda aliponso. Masamba a pansi pa mawayipa ndachotsa madzulo ano, anadzaza kambale, pansi pake panali matope okhaokha.

Funso lina kwa a makaniko. Kusukuluko njira yake ndi yafumbi ndipo mvula ikagwa imaterera kwambiri, nde galimoto itha kukhala kumeneko sabata kapena kuposera ndisanaitenge. Pali vuto kuisiya choncho? Nanga mafuta ndidzaze kapena ikhale ndi ochepa poopa akuba?

Makaniko_Dwangwa:

Mayi, sabata si vuto bola batire mwachotsa negetivu muja. Koma mphepo ikatha, ngati pamalopo ndi pafulati, mukamasule handibuleki nkuisiya pa P ndi njerwa kumatayala, chifukwa mabuleki akumbuyo akanyowa nkukhala okoka masiku ambiri amamatirira ku dilamu, mudzaona galimoto ikukana kusuntha kapena tayala limodzi likukhukhuluzika.

Mafuta dzazani ngati alipo ndipo thumba likulola. Pambuyo pa chimvula magetsi amatha kuzima masiku, milatho ikaduka matanka sabwera, nde mudzafuna mafutawo mwina kuthamangira ndi wodwala kuchipatala. Akuba nde ntchito ya alonda aja, ndipo kachitseko ka thanki ya Passo kamatsegukira mkati, mukakiya zitseko mwatseka zonse.

Tsiku lokaitenga musafike nkuliza. Tsegulani boneti kaye muone bwinobwino ndi tochi, nthawi ya madzi makoswe, njoka ndi linthumbu zimathawira m'ma injini chifukwa ndi mouma, ndipo khoswe amatafuna mawaya ndi kumanga chisa mu bokosi la eya kilina. Gogodani ndi kamtengo musanalowetse dzanja. Muone oyilo, mugwire kapeti kumapazi konse kunayi ngati ndi youma, mubwezere waya wa batire nkumanga bwino. Ikalira mwina idzanjenjemera pang'ono poyamba chifukwa kompyuta imakhala yaiwala, isiyeni ilire mphindi zingapo ikhazikika yokha, mawindo a otomatiki akakana kukwera okha mukweze mpaka pamwamba nkugwirabe batani masekondi angapo. Potuluka muyende pang'onopang'ono mukuponda mabuleki mopepuka kangapo kuti aume ndi kuchotsa dzimbiri musanafike pa tala. Mukadzamva phokoso lachilendo kumatayala lomwe silikutha mutayenda makilomita angapo, mudzalembe pompano tidzaone ngati ndi bering'i.